Tikufuna kumanga sukulu kumudzi, tiyambire pati?

Funso: Akonzi, ndife gulu la anthu 40 a ku Mangochi, timakumana ku Mayfair, ku Johannesburg, mwezi uliwonse. Tinamva kuti ku Guatemala makolo a mtundu wa Amaya amadzimangira okha sukulu m'midzi. Nafenso tikufuna kusonkha kuti ana kwathu asiye kuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Tiyambire pati? Ine mlembi wa gulu, Johannesburg.

Yankho: Alembi, munamva mbali imodzi yokha. Nkhondo ya zaka 36 itatha mu 1996, boma la Guatemala linakulitsa ndondomeko ya sukulu zoyendetsedwa ndi makolo yotchedwa PRONADE. Makolo a m'midzi yakutali, yambiri ya Amaya olankhula K'iche', Q'eqchi' kapena Mam, ankapanga komiti yotchedwa COEDUCA, ndipo komitiyo inkalemba ntchito mphunzitsi n'kumamulipira. Koma malipirowo ankachokera ku boma, osati m'thumba la makolo.

Choncho musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, tumani anthu awiri kwa amfumu, kwa mlangizi wa sukulu za m'dera lanu (PEA) ndi ku ofesi ya maphunziro ya pa boma. Mukufuna kalata ya malo, pulani yovomerezeka ya buloko, ndi mawu olembedwa oti aphunzitsi adzatumizidwa. Kuwonjezera buloko pa sukulu yomwe ilipo kale n'kosavuta kusiyana n'kuyambitsa yatsopano, ndipo ife tingasankhe zimenezo.

Mukamasonkha R200 aliyense, pamwezi pamabwera R8,000. Ndalamayi isagone m'chikwama cha msungichuma. Mabanki a kuno ali ndi akaunti za ma stokvel, magulu osonkherana ndalama. Sankhani osayinira atatu amene pasipoti ndi pemiti zawo zili bwino.

Isungeni mu ma randi mpaka tsiku logula. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atatumiziratu ndalama yonse anapeza ikugula simenti yochepa. Tumizani pa Mukuru kapena Mama Money m'zigawo: maziko, kenako khoma mpaka pa lintala, kenako denga. Chigawo chotsatira chizituluka pokhapokha malisiti ndi zithunzi zafika pa gulu la WhatsApp. Ndalama ya zipangizo ipite kwa wogulitsa, osati kwa wachibale. Si kumukayikira ayi, koma maliro akagwa pamudzi, ndalama imene ili pafupi ndi imene imabwerekedwa.

Simenti musagule yambiri nthawi imodzi. Ikapitirira miyezi itatu imayamba kuchepa mphamvu, ndipo thumba loikidwa pansi limakoka chinyezi n'kuchita mibulu. Isanjikeni pa matabwa, ndipo mangani m'chilimwe, denga likwere mvula ya Novembala isanayambe. Pa denga m'pamene amisiri amadula njira: mitengo yake iyenera kumangidwa ndi waya wochindikala wolowa m'khoma, apo ayi chimphepo chimanyamula malata onse ngati chipewa. Mchenga, miyala ndi madzi atute eni mudzi, kuti sukuluyo isamatchedwe "ya a ku Joni".

M'bajeti musaiwale zimbudzi, za atsikana padera, ndi nyumba ya mphunzitsi. Wopanda pogona amapempha transifa teremu isanathe. Ndipo monga mwana wa Chimaya amasochera akayamba ndi Chisipanishi chokhachokha, wa kwanu wolankhula Chiyao kunyumba amavutika m'Sitandade 1. Pokambirana ndi a PEA, pemphani mphunzitsi wodziwa Chiyao wa kalasi imeneyi.