Kwa mayi amene akufuna kutenga hatchi yopulumutsidwa

Mayi, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwati mwaona hatchi yaikazi ya zaka 14 kumalo osamalira mahatchi opulumutsidwa ku nkhanza ndi njala, kuti inafikako nthiti zili pamtunda miyezi inayi yapitayo, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kuitenga kuti mwana wanu wamkazi, yemwe wangoyamba kumene kuphunzira kukwera, aziikwera. Yankho langa ndi lakuti muitenge, koma pokhapokha ngati mungathe kuisunga ndi mtima umodzi ngakhale zitadzapezeka kuti siidzakwereka konse. Inenso ndinatengapo hatchi yotere ndipo sindinong'oneza bondo, komabe chimene chinandipititsa kumeneko chinali chifundo chokha, ndipo chifundo chomwecho chinatsala pang'ono kuipha isanathe ndi sabata yomwe pakhomo panga.

Musanasaine chilichonse, pemphani mbiri yake yolembedwa kuyambira tsiku limene inafika. Malo odalirika amayeza thupi la hatchi ndi muyeso umene Don Henneke anakonza ku Texas A&M University ku America mu 1983, woyambira pa 1 kulekezera pa 9. Pa 1 ndiye kuti hatchi yangotsala mafupa okhaokha, pa 9 yanenepa mopitirira muyeso, ndipo yathanzi imapezeka pakati pa 4 ndi 6. Afunseni kuti inali pati pofika ndipo lero ili pati, kenako muyendetse nokha chikhato m'mbali mwake, chifukwa hatchi imene ili pa 5 nthiti zake simuziona ndi maso koma mumazimva ndi zala. Funso lofunika kuposa pamenepa ndi lakuti inaonda chifukwa chiyani. Ngati kunali kusowa chakudya basi, nkhani yake ndi yopepukirapo, koma ngati anali mano, njoka za m'mimba kapena matenda a m'kati, ndiye kuti vutolo lingathe kukutsatirani kunyumba.

Za kadyetsedwe ndilankhulapo motalikirapo, pakuti apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa kwambiri. Hatchi imene yakhala ndi njala kwa nthawi yaitali ikapatsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi imagwidwa ndi vuto lotchedwa refeeding syndrome: shuga akachuluka m'magazi, thupi limakoka mchere wofunika monga phosphorus, potassium ndi magnesium kuchoka m'magazimo, ndipo mtima, mapapo ndi impso zimalephera, kawirikawiri m'masiku atatu mpaka asanu. N'chifukwa chake njira imene akatswiri a ku University of California, Davis anakonza imayamba ndi pafupifupi theka la kilogalamu la udzu wouma wa alfalfa maola anayi alionse kwa masiku atatu oyamba, popanda chakudya chambewu m'pang'ono pomwe. Yanuyo, poti yatha miyezi inayi, iyenera kuti inadutsa kale pamenepa, koma m'mimba mwake simunakhazikike ngati mwa hatchi imene sinavutikepo. Chifu cha hatchi n'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, chimalowa malita 8 mpaka 15 okha, komanso hatchi sisanza, kotero chimene chalowa molakwika chilibe njira yobwerera.

Ine izi ndinaziphunzira mowawa. Tsiku lachitatu ndinaona kuti mafupa a m'chiuno akuonekabe, mtima unandipweteka, ndipo ndinaithirira chakudya chambewu chodzaza ndowa, chimene inali isanachizolowere. Pofika madzulo ndinaipeza ikupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, ikutembenuza khosi kuyang'ana pamimba pake, thukuta lili kamukamu, ikugona n'kudzukanso. Dokotala wa ziweto anabwera usiku, anailowetsa paipi kudzera m'mphuno kukafika m'chifu, ndipo tinachezera nayo mpaka kunja kutayera. Anati ndi colic, kupweteka kwa m'mimba kumene kumapha mahatchi ambiri. Choncho lembani papepala zonse zimene ikudya kumeneko, muyeso wake ndi nthawi zake, mupemphe kapena mugule udzu womwewo wokwanira masabata awiri, ndipo chilichonse chimene mukufuna kusintha muchisinthe pang'onopang'ono m'masiku 10 mpaka 14. Hatchi yolemera makilogalamu 500 imafuna udzu wouma wokwana makilogalamu 8 mpaka 10 pa tsiku ndi madzi oyera malita 25 mpaka 45, ndipo udzuwo, osati zambewu, ndiwo uyenera kuibwezera thupi.

Itanani dokotala wanu wa ziweto, amene sagwira ntchito kumaloko, kuti akaipime musanaitenge. Sindikutanthauza kuti osamalirawo angakunamizeni, ambiri mwa iwo ndi anthu odzipereka kwambiri, koma munthu amene wadzutsa nyama kuchoka pakamwa pa imfa amaiona ndi maso achikondi. Dokotalayo ayang'ane mano, chifukwa mano a hatchi amatulukabe m'nkhama pafupifupi moyo wake wonse ndipo akapanda kupalidwa amakhala ndi nsonga zocheka masaya ndi lilime. Mukaona timipira ta udzu wotafuna mosamaliza tagwa pansi pomwe imadyera, dziwani kuti m'kamwa muli vuto. Ayang'anenso ziboda. Mizere yozungulira chiboda imene ikutalikirana chakumbuyo kwake nthawi zambiri imasonyeza kuti hatchi inadwalapo laminitis, kutupa kwa m'kati mwa chiboda, matenda amene amabwereranso mosavuta ikadya msipu wanthete wambiri. Ziboda zimafunika kudulidwa masabata 6 mpaka 8 alionse, ndipo chiboda chowonongeka chimatenga pafupifupi chaka kuti chimere chatsopano kuchokera pamwamba kufika pansi. Ndowe ziyezedwe kuti mudziwe kuchuluka kwa mazira a njoka musanapereke mankhwala, ndipo katemera wa kafumbata asaiwalike, popeza mahatchi ali m'gulu la nyama zimene matendawa amazigwira msanga.

Simunatchule ngati muli ndi hatchi ina. Ngati ilipo, yatsopanoyo ikhale payokha kwa masabata atatu, ndi ndowa zake ndi zipangizo zake, koma pamalo poti izitha kuona inzake chapatali. Choopsa kwambiri ndi strangles, matenda opatsirana amene amabweretsa mamina ndi zotupa pansi pa nsagwada, ndipo hatchi yooneka yathanzi ingathe kusunga tizilombo take kwa miyezi yambiri. Muziiyeza kutentha kwa thupi tsiku lililonse. Koyenera ndi madigiri 37.5 mpaka 38.5. Ngati mulibe ina, konzani zoti ipeze inzake, pakuti hatchi ndi nyama yoyenda pagulu ndipo yosungidwa yokha imakhala ndi nkhawa, imayendayenda m'mbali mwa mpanda, mwinanso kusiya kudya.

Tsopano za mwana wanu, ndipo pano ndikupemphani mundimvetsetse. Hatchi yanjala imaoneka yofatsa chifukwa ilibe mphamvu zochitira mwina. Imaima phee, imalola aliyense kuigwira, ndipo munthu amapita kunyumba akuganiza kuti wapeza nyama yoyenera mwana. Khalidwe lake lenileni limatuluka thupi likabwerera, ndipo nthawi zina limatuluka pamodzi ndi mantha onse amene inali nawo kumene inachokera. Yanga itanenepa inayamba kuthawa ndikangonyamula tsache, ndipo ndikakweza dzanja msanga pafupi ndi mutu wake inkatsinzina n'kudzikokera kumbuyo ngati ikudikira kumenyedwa. Kwa masabata angapo ntchito yanga inali kungokhala pa ndowa yovundikira pakati pa msipu, osaiyang'ana m'maso, osaiitana, mpaka tsiku lina ndinamva mpweya wake wofunda paphewa panga ikundinunkhiza. Kuchokera tsiku limenelo kufikira pomwe ndinaiika chishalo panadutsa miyezi yambiri, ndipo chishalocho ndinachisintha kawiri, chifukwa msana umene unatha minofu umasintha maonekedwe pamene ukudzaza.

Mwana amene akuphunzira kumene amalakwitsa, amakoka zingwe mosayembekezereka, amatsetsereka pachishalo, amadutsa kumbuyo kwa hatchi osalankhula, pomwe kumbuyo kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa chipumi ndi malo amene hatchi siona. Hatchi yokhazikika imapirira zonsezi, koma yamantha ingathe kudumpha kapena kumenya theche, osati chifukwa cha nkhanza, koma podziteteza. Maganizo anga ndi akuti mwanayo apitirize kuphunzira pa hatchi yozolowera ophunzira, ndipo ndi iyi ayambire pansi, kuipesa, kuitsogolera ndi chingwe ndi kuipatsa udzu, inu kapena mphunzitsi muli pomwepo. Kukwera kudikire mpaka dokotala ndi mphunzitsi wodziwa bwino atavomereza onse awiri.

Mgwirizano muuwerenge wonse. Mabungwe ambiri sagulitsa hatchi koma amaibwereketsa kwa moyo wake wonse. World Horse Welfare, bungwe la ku Britain limene Ada Cole anayambitsa mu 1927, limakhalabe mwini wa hatchi iliyonse imene lapereka, limayendera kumene ikukhala, ndipo limailandiranso zinthu zikasintha kwa woisungayo. Ena amaona ngati uku n'kusakhulupiriridwa, koma ine ndimakuona ngati chitetezo cha nyamayo ndi chanu chomwe, pakuti hatchi imakhala zaka 25 mpaka 30, kutanthauza kuti ya zaka 14 ingakhale m'manja mwanu zaka zina 11 mpaka 16, mwana wanu atakula kale n'kuchoka pakhomo. Malo amene akukufulumizitsani kuti mutenge lero lomwe, osafunsa za mpanda wanu, mthunzi, madzi ndi dokotala amene mudzamuitane usiku, amenewo ndiwo ondikayikitsa.

Pitaniko kosachepera katatu, pa nthawi zosiyana za tsiku, ndipo ulendo umodzi muwapemphe asaikonzeretu. Mukaigwire nokha kumsipu, muimange chingwe, munyamule miyendo yake yonse inayi umodzi umodzi, muone mmene ikuchitira pa nthawi ya chakudya inzake ili pafupi. Ngati akunena kuti imakwereka, mmodzi wa iwo aikwere inu mukuona, kuyambira poika chishalo mpaka potsika, ndipo mufunse amene amaidyetsa m'mawa uliwonse, osati wa mu ofesi, kuti chimene imaopa n'chiyani.