Tigule printa ya macheke, kapena tizingolipira pa intaneti?

FUNSO: Ine ndi amuna anga tili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe. Mwezi ndi mwezi timalipira otipatsa simenti, malata ndi utoto, ndipo macheke ndimalemba pamanja. Posachedwapa cheke china chinabwezedwa chifukwa ndalama zolembedwa m'manambala zinasiyana ndi zolembedwa m'mawu. Mnyamata wotisungira mabuku akuti tigule printa kuti macheke azituluka pa kompyuta. Bambo akunyumba akuti tingowasiya macheke, tizitumiza pa intaneti. Ine mtima sukukhazikika, poti cheke chimafuna tisayine tonse awiri, pamene pa foni munthu mmodzi akhoza kukolopa akaunti yonse. Ndichite chiyani?
Mayi wa ku Limbe

YANKHO: Mayi, printayo musagule. Mnyamata wanuyo sakunama: cheke chosindikiza chimaoneka chaukhondo, manambala ndi mawu sasemphana, ndipo malipirowo amalowa okha m'mabuku. Koma cheke si pepala wamba. Manambala ali m'munsi mwake aja amasindikizidwa ndi inki ya maginito kuti makina a kubanki aziwerenga, choncho mapepala ake muyenera kuchita kugwirizana ndi banki yanu. Mukatero mwangothana ndi kulemba kokha. Wolipidwayo adzayendabe ulendo wa kubanki, adzaima pamzere, adzadikira kuti chekecho chipse, ndipo akachiiwala m'dirowa miyezi isanu ndi umodzi chatha ntchito. Komanso mukhala mukuwonongera ndalama chinthu chimene chikupita kokatha. Ku South Africa mabanki anasiyiratu macheke kumapeto kwa 2020.

Mantha anu ndawamva, ndipo ndi omveka, koma cheke chotuluka pa kompyuta sichitchinga wakuba. Kumbukirani Cashgate mu 2013. Macheke a boma ankatuluka pa kompyuta za IFMIS, zoyendetsera ndalama za boma, ali bwinobwino, kupita ku makampani amene sanagwire ntchito ina iliyonse, kenako anthu n'kufufuta zimene zinalowetsedwa. Mabiliyoni a makwacha anapita momwemo. Vuto linali lakuti anthu ochepa ankatha kulowetsa, kuvomereza ndi kufufuta popanda wina wowayang'ana.

Chimene mukufuna inu ndi chakuti ndalama isatuluke musanavomere nonse awiri, ndipo pa intaneti zimenezi zimatheka. Pitani kubanki kwanu mukapemphe internet banking ya bizinesi, osati ya munthu payekha. Muwauze kuti lamulo losayina awiri limene lili pa akaunti yanu aliikenso mmenemo. Mnyamatayo apatsidwe mphamvu yongolowetsa malipiro, ndipo ndalama zizituluka pokhapokha inu ndi bambo mwavomereza, aliyense ndi pasiwedi yake komanso foni yake. Apa m'pamene mabanja ambiri amagwera: bambo atanganidwa, n'kungoti "mayi, nambala yanga ndi iyi, ingovomerezani." Mukangotero ndiye kuti osayina atsala mmodzi. Mnyamatayo asadziwe pasiwedi ya aliyense wa inu, ngakhale atakhala mwana wa achemwali anu.

Chinthu chimodzi chokha cheke chimaposa: mukazindikira msanga kuti mwalakwitsa, mumatha kuuza banki kuti isachilipire. Ndalama yotumiza pa intaneti ikapita ku akaunti yolakwika, kuibweza n'kovuta. Ndiye ma akaunti a okupatsani katundu alowetsedwe kamodzi, muwafananize ndi zimene zili pa invoisi, ndipo ulendo woyamba tumizani kangachepe, aone kuti kafika. Mukadzalandira uthenga pa WhatsApp kapena imelo woti "tasintha akaunti, tumizani ku iyi," imbirani kampaniyo pa nambala imene mwakhala mukuidziwa kale musanatumize ngakhale kwacha imodzi.

Anthu a mchenga ndi njerwa amene alibe akaunti kubanki muziwalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, koma nambala ya malipirowo izilembedwa pa lisiti limene asayina.