Kodi Tiwalole Ogulitsa NAS Aziyang'anira Makina Athu Ali Kutali?

Funso: Akonzi, mu ofesi yathu ya anthu 12 timasunga mafayilo onse a ntchito m'makina olumikizidwa ku netiweki otchedwa NAS, omwe ali ndi madisiki anayi oikidwa mwa dongosolo la RAID 5 (limene limagawa mafayilo pa madisiki onse kuti imodzi ikafa asatayike). Kampani imene inatigulitsa ikufuna kuti tilole akatswiri ake aziwayang'anira kudzera pa intaneti, ife tizilipira chaka ndi chaka. Abwana akuopa kuti anthu amenewa aziwerenga zinsinsi za makasitomala athu. Kodi tivomere? — Woyang'anira makompyuta mu ofesi

Yankho: Nkhawa ya abwana anu ndi yomveka, koma pempho la kampaniyo lasakaniza zinthu ziwiri zimene muyenera kuzilekanitsa musanasaine chilichonse: kuti makina azitumiza malipoti a momwe akuyendera, ndi kuti munthu wakunja azilowamo.

Choyambacho ndikukulimbikitsani kuti muchivomere. Makina eni ake ndi amene amatumiza uthenga ku kampani, nthawi zambiri kudzera pa HTTPS (njira yotetezeka yotumizira uthenga pa intaneti), ndipo simufunika kutsegula khomo lililonse loti wina alowerepo. Uthengawo umanena za kutentha kwa makina, malo amene atsala, zolakwika zimene zachitika, pulogalamu imene ikuyendetsa makinawo, komanso zimene disiki iliyonse ikunena za thanzi lake kudzera mu S.M.A.R.T., njira imene disiki imadziyezera yokha. Makampani akuluakulu ali ndi njira zawozawo: NetApp ili ndi AutoSupport, HPE ili ndi InfoSight, Dell ili ndi SupportAssist, pamene Synology ili ndi Active Insight. Njirazi sizinapangidwe kuti zizinyamula zimene zalembedwa m'mafayilo anu, komabe m'malipoti mungathe kupezeka mayina a ogwira ntchito, mayina a mafoda ndi manambala a IP (maadiresi a makompyuta pa netiweki), choncho pemphani kuti akulembereni zonse zimene zimatumizidwa.

Ubwino wake umaonekera bwino pa RAID 5 imene mwatchulayo. Disiki imodzi ikafa, mafayilo amapitiriza kutseguka ngati kale, ndipo ngati makinawo ali m'kachipinda kotseka, palibe amene amamva kulira kwake kochenjeza kapena kuona nyali yake ikuthwanima. Ofesi ikhoza kutha miyezi ikugwira ntchito popanda chitetezo chilichonse, mpaka tsiku limene disiki yachiwiri idzafe n'kupita ndi zonse. Choopsa china n'chakuti mukaika disiki yatsopano, makina amawerenga madisiki otsalawo kuyambira koyambirira mpaka kumapeto kwa maola ambiri, mwinanso masiku, ndipo madisiki amene anagulidwa limodzi amakhala atatopanso limodzi. N'chifukwa chake chenjezo lobwera disiki isanaferetu lili ndi phindu lalikulu, ndipo kwa ine chimenechi chokha ndi chokwanira kuti ofesi yopanda katswiri wake wokhazikika ilipire.

Chachiwiricho ndiye chofunika kusamala nacho. Katswiri amene walowa ndi mphamvu za woyang'anira wamkulu akhoza kutsegula foda iliyonse, ngakhale atakhala kuti alibe cholinga choipa. Musalole kuti khomo limenelo likhale lotsegula usana ndi usiku. Muzilitsegula inuyo pamene pali vuto limene mwalinena nokha, mumupatse akaunti yakeyake yosiyana ndi yanu, alowe kudzera pa VPN (njira yobisika yolowera pa netiweki ya ofesi uli kutali) kapena njira yakanthawi imene opanga makinawo anakonza, ndipo ntchito ikatha muitseke akauntiyo n'kuona m'kaundula wa makina zimene anachita. Ngati kampaniyo ikuti mutsegule madoko (makomo olowera pa netiweki) pa router, kachipangizo kolumikiza ofesi ku intaneti, kuti tsamba loyendetsera NAS lizionekera pa intaneti, kanani, ndipo muzimitsenso UPnP, imene imatha kutsegula madoko popanda kukufunsani. Mu Januwale 2022 pulogalamu ya akuba yotchedwa DeadBolt inatseka mafayilo m'makina ambiri a NAS a kampani ya QNAP amene anali oonekera pa intaneti, n'kumafuna dipo la Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Mu Juni 2021 makina a My Book Live a Western Digital anafufutidwa ndi anthu ali kutali, ndipo makinawo anali atasiya kulandira zokonza za pulogalamu yawo kuyambira 2015.

Nkhani ya My Book Live imeneyi ikuonetsa funso limene ambiri amaiwala: kodi makina anu adzapitiriza kulandira zokonza za chitetezo mpaka chaka chanji? Yankho lake lilembedwe mu mgwirizano, pamodzi ndi maola amene kampani idzatenge kuti iyankhe chenjezo, ngati usiku ndi masiku a tchuthi akuwerengedwa, ndiponso kuti disiki yakufa idzatsala m'manja mwanu, popeza zina mwa zimene zili mmenemo zimatha kuwerengekabe.

Muwauzenso abwana kuti ndalama imeneyi sikugula kope la mafayilo. Wogwira ntchito akafufuta foda mwangozi, kapena moto ukabuka, lipoti la thanzi la madisiki silingabweze kanthu. Sungani makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa ofesi, ndipo miyezi ingapo iliyonse muziyesa kubweza fayilo imodzi kuchokera ku kopelo kuti mutsimikize kuti ikutsegukadi.