Driver ikamamwaza mipira, yambani mwaona pamene mpira ukugunda

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwino. Mwati pa gofu ma iron, ndodo za mutu wopyapyala wachitsulo zija, mumamenya mosavuta, koma mukangogwira driver, ndodo yomenyera kutali kwambiri ija, mpira umapindikira kumanja, tsiku lina n'kuthawira kumanzere, moti tsopano mukaima pa tee (malo oyambira dzenje; kamtengo kokhazikapo mpira nakonso timati tee) mtima umakhala m'mwamba ndipo mwayamba kuganiza zoisiya m'chikwama kapena kugula ina. Musagule kaye, komanso musaisiye. Ndilankhula ngati ndikuuza munthu womenya ndi dzanja lamanja, amanzere mungotembenuza mbali.

Mpira wa driver sumwazika popanda chifukwa, ndipo kawirikawiri chifukwacho chimakhala pa nkhope ya ndodoyo, pamalo enieni amene mpira ukugunda. Anthu amatha miyezi akusintha mapewa, chiuno ndi mikono asakudziwa n'komwe ngati akumenya pakati. Choncho mukapita ku range, malo oyeserera kumenya mipira, tengani paudala wopopera kumapazi uja, kapena tepi yomata pa nkhope ya ndodo. Pakani pa driver, menyani mipira khumi monga mumenyera masiku onse, kenako muyang'ane zidindo zimene yasiya. Tsiku limenelo musakonze kanthu, ingoonani basi.

Ndikulimbikira izi chifukwa mutu wa driver ndi waukulu, malamulo amalola mpaka 460cc, ndipo kulemera kwake kuli kumbuyo, kutali ndi nkhope. Mpira ukagunda kuchidendene, kufupi ndi shaft, thunthu la ndodoyo, mutuwo umapotoka pang'ono n'kuupatsa mpira sipini (kuzungulira) youpinditsira kumanja. Ukagunda kunsonga, mpira umapindikira kumanzere. Aphunzitsi a gofu amati gear effect. Ndiye munthu atha kumenya ndi swing (kamenyedwe) imodzimodzi kawiri, mpira woyamba n'kupita kumanja, wachiwiri kumanzere, kusiyana kwake kuli kwa chala chimodzi chokha pa nkhope. Zimene mwafotokozazi zikumveka choncho ndithu. Kukwera ndi kutsika nakonso kuli ndi ntchito: mukamenyera m'munsi mwa nkhope mpira umatuluka chapansi uli ndi sipini yambiri ndipo sufika patali, pomwe kumtunda pang'ono kwa pakati ndiye pokoma, mpira umakwera bwino n'kukagudubuzika ukatera.

Zidindo zija zikakhala zomwazikana nkhope yonse, kayikirani kutalika kwa ndodo. Ma driver ambiri a m'masitolo amabwera ali ndi mainchi 45.5 kapena kuposerapo, chifukwa ndodo yaitali imapereka liwiro ndipo liwiro limagulitsa malonda. Koma akatswiri ambiri a pa PGA Tour, mipikisano ikuluikulu ya ku America, amasewera ndi yofupikirapo, ya mainchi 45 kapena kutsika pang'ono, pamene iwo amamenya mipira tsiku ndi tsiku. Malamulo amalola mpaka mainchi 48, ndipo kuyambira mu 2022 R&A ndi USGA, mabungwe oika malamulo a gofu, analola mipikisano ikuluikulu kuika malire pa 46, koma zimenezo ndi za anthu amene amapeza pakati pa nkhope ngakhale atatsinzina. Inu yesani chinthu chosalira ndalama: gwirani ndodo inchi imodzi kutsika pa grip, pogwirira paja, mumenyenso mipira khumi, muyerekeze zidindo. Zikayandikana, mwapeza gawo lalikulu la vuto lanu. Ena amaopa kuti ataya mayadi, koma mpira wogunda pakati ndi ndodo yaifupi umafika patali kuposa wogunda kuchidendene ndi yaitali. Mukafuna kuidula zenizeni, pitani kwa wokonza ndodo, chifukwa ikadulidwa mutu umamveka wopepuka ndipo angafunike kuuwonjezera kulemera pang'ono.

Za loft, kupendekeka kwa nkhope ya ndodo kumene kumakweza mpira m'mwamba, ndinena mwachidule. Ngati yanu ndi ya madigiri 9, ikwezeni ifike 10.5 kapena 12. Ma driver ambiri amakono amasinthika ndi kasipanala kamene amabwera nako. Loft yochuluka imachepetsa kupindika kwa mpira, ndipo pa ndodo zosinthikazi kukweza loft kumatsekanso nkhope pang'ono, zomwe zimathandiza munthu wa slice, mpira wopindikira kwambiri kumanja uja. Palibe chamanyazi pa madigiri 12.

Tsopano kaimidwe, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mwati ma iron akukuyenderani. Iron imamenyedwa ikutsika, mpira kaye kenako udzu. Driver imafuna zosiyana: mutu ufike pa mpira utadutsa kale pansi penipeni pa swing, ukuyenda mofanana ndi nthaka kapena ukukwera pang'ono. Munthu wodziwa ma iron amabweretsa chizolowezi chake ku driver, n'kumatsitsa ndodo ngati akuwaza nkhuni, ndipo zotsatira zake ndi slice kapena mipira yongokwera m'mwamba ija imasiya zipsera pamwamba pa mutu wa driver. Ikani mpira moyang'anizana ndi mkati mwa chidendene cha phazi lamanzere. Tee ikwere moti theka la mpira lizioneka pamwamba pa mutu wa ndodo ikakhala pansi. Tangadzani miyendo kuposa mapewa pang'ono, ndipo msana upendekere kumanja pang'ono, phewa lamanja likhale lotsika kuposa lamanzere, mutu wanu uli kumbuyo kwa mpira.

Pali msampha umodzi pamenepa umene umagwira anthu ambiri. Popeza mpira uli kutsogolo, munthu akamaufikira ndi dzanja lamanja mapewa amatembenukira kumanzere iye osazindikira. Mapazi aloza bwino, koma chifuwa chayang'ana kumanzere kwa fairway, njira ya udzu wometedwa bwino yopita ku dzenje ija, ndipo ndodo imatsatira mapewa: imachokera kunja n'kudula mpira chopingasa. Mnzanu aime kumbuyo kwanu, kapena ikani foni ikujambuleni, muone kumene mapewa aloza. Pokonza, gwirani ndodo ndi dzanja lamanzere kaye, kenako lamanja lifike chapansi chigongono chili pafupi ndi nthiti. Poyamba mudzamva ngati mwaloza kumanja kwambiri. Khulupirirani zimene foni ikuonetsa, osati zimene thupi likukuuzani.

Pofuna kuphunzira kumenya ndodo ikukwera, ikani kabokosi kopanda kanthu ka mipira kutsogolo kwa tee, pamtunda wofanana ndi kutalika kwa grip. Menyani mpira osakhudza kabokosiko. Mukakagunda ndiye kuti mukutsikabe.

Chinanso chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti kumene mpira umayambira kumadalira kwambiri kumene nkhope yaloza pa nthawi yogunda. Makina oyeza mpira monga TrackMan anaonetsa kuti pa driver nkhope ndiyo imalamulira pafupifupi magawo 85 pa 100 a kumene mpira uyambire, ndipo kupindika kumabwera chifukwa cha kusiyana kwa nkhope ndi njira imene ndodo ikuyenda. Munthu wa slice akaona mpira ukupita kumanja amayamba kumenyera kumanzere mwamphamvu, kusiyana kuja n'kukula, slice n'kukulanso. Ndiye yambani ndi nkhope, ndipo nkhope imamvera manja. Mukagwira ndodo n'kuyang'ana pansi, muziona mfundo ziwiri kapena zitatu za zala za dzanja lamanzere, ndipo mpata wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera uloze kuphewa lamanja. Ndodo ikhale m'zala, osati pakati pa chikhatho. Mipira ikayamba kupita kumanzere musadandaule, ndi chizindikiro choti nkhope yayamba kutseka, ndipo thupi lidzasiya lokha kukokera kumanzere.

Nkhani ya mantha ija. Ine ndimaona kuti ambiri timadzipweteka ndi muyezo wolakwika. Akatswiri a pa PGA Tour, onse pamodzi, amagwetsa mpira mu fairway pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa maulendo khumi. Pabwalo la maenje 18 lokhala ndi ma par 3 anayi, maenje aafupi aja, munthu amamenya mipira yaitali ya pa tee 14, ndiye katswiri amaphonya isanu kapena isanu ndi umodzi pa tsiku, ndipo amapitiriza kusewera osagwedeza mutu. Mark Broadie wa ku yunivesite ya Columbia, amene anayambitsa kawerengedwe ka strokes gained koyezera phindu la kumenya kulikonse, anaonetsa kuti kugwera mu rough, udzu wautali wa m'mbali mwa fairway, kumakudyerani kachigawo chabe ka stroke, ndiye kuti ka kumenya kumodzi. Chimene chimawononga khadi ndi mpira wotayika, wogwera m'madzi kapena wotuluka kunja kwa bwalo. Mpira wotuluka kunjawo, umene timati OB, umakubwezani pa tee mukumenya kachitatu, kutanthauza kuti ma stroke awiri apita. Choncho drive yabwino ndi iliyonse imene mwaipeza ndipo muli ndi njira yomenyera yotsatira molunjika ku green, malo a udzu waufupi kwambiri pamene pali dzenje. Mukayamba kuwerenga motero, fairway yanu yakula kawiri musanasinthe kanthu pa swing.

Siyaninso kufunafuna mpira woongoka. Sankhani mbali imodzi yopindikira, mukhale nayo. Jack Nicklaus anapambana ma major, mipikisano yopambana yonse ya gofu, maulendo 18 akudalira kwambiri fade, mpira wopindikira kumanja pang'ono. Ngati wanu umapita kumanja mwachibadwa, uchepetseni kupindikako kufike pa mayadi 10 kapena 15, kenako muzikaugwiritsa ntchito. Ikani tee kumbali yakumanja kwa malo omenyera, lozani kumanzere kwa fairway, mpira ubwere wokha pakati. Ukaongoka muli kumanzere kwa fairway, ukapindika monga mwa masiku onse muli pakati, ukapindika kwambiri muli kumanja koma mukusewerabe. Munthu wolunjika pakati amene sadziwa kumene mpira upite amaopa mbali zonse ziwiri, ndipo mantha amenewo ndi amene amaumitsa manja. Kumbukiraninso kuti malo omenyera amabwerera m'mbuyo kutalika kwa ndodo ziwiri kuchokera pa zizindikiro, ndipo mapazi anu atha kukhala kunja bola mpira uli mkati. Funani malo osalala, musangobaya tee pamene wabaya mnzanu.

Polunjika, bwerekani njira ya Nicklaus yemweyo. Imani kumbuyo kwa mpira, sankhani chinthu chaching'ono kutali, mtengo umodzi kapena ngodya ya bunker, dzenje la mchenga lija, osati fairway yonse. Kenako pezani katsamba kapena kadothi kali pafupi kutsogolo kwa mpira pa mzere womwewo, lozetsani nkhope pa kameneko, mapazi atsatire pambuyo. Pumani mpweya kamodzi, yang'anani kutali komaliza, menyani. Musaime nthawi yaitali pa mpira, chifukwa mukachedwa maganizo amachuluka ndipo mikono imalimba. Lingaliro likhale limodzi lokha, ndipo ndingakusankhireni ili: mumalize swing mutaima bwino pa mwendo wamanzere, chifuwa chitayang'ana kutsogolo, mpaka mpira utatera. Anthu adzakuuzani kuti chepetsani liwiro. Pali nzeru pamenepo, koma samalani, chifukwa munthu wamantha akamva zimenezo amayamba kuuperekeza mpira ndi manja, thupi n'kuima, nkhope n'kutsalira yotseguka. Menyani ndi mphamvu imene mungathe kumaliza nayo osadzandira, koma mumenye ndi mtima wonse.

Wina akhoza kukuuzani kuti Tiger Woods anapambana mpikisano wa The Open wa 2006 ku Hoylake atagwira driver kamodzi kokha m'masiku anayi. N'zoona, koma nthaka inali youma gwa chaka chimenecho, mpira unkagudubuzika kwambiri, ndipo iye iron yake yaitali inkafika pamene ambiri a ife sitifika ndi driver. Kwa inu ndi ine, 3-wood, ndodo yofanana ndi driver koma yofupikirapo, ili ndi mutu waung'ono, kuiphonya pakati n'kosavuta, ndipo imatisiyira mtunda wautali wopita ku green. Igwiritseni ntchito pa dzenje limene driver ingafike m'madzi kapena pamene fairway yapanikizika zedi. Kwina konse tengani driver. Ndipo mukakayika za mpira, nenani kuti mukumenya provisional, mpira wachiwiri wodzasewera ngati woyamba sunapezeke, musanachoke pa tee. Kuyambira mu 2019 nthawi yofunafuna mpira ndi mphindi zitatu zokha, ndipo kudziwa kuti simudzabwerera m'mbuyo anzanu akukudikirani kumapeputsa mtima.

Ku range, lekani kumenya mipira 50 ya driver motsatizana. Pofika mpira wachisanu thupi limakhala litazolowera, mipira imaongoka, mumapita kunyumba mukusangalala, koma pabwalo mumapatsidwa mwayi umodzi wokha kenako mphindi khumi kapena kuposa zimadutsa musanaigwirenso. Mukatha kuyeserera kaimidwe ndi kabokosi kaja, sankhani mbendera ziwiri zotalikirana mayadi 40 zikhale fairway yanu. Menyani driver kamodzi mutachita zonse zimene mumachita pa tee, kenako iron, kenako wedge, ndodo yomenyera pafupi ija, mubwererenso ku driver, mpaka mipira ya driver ikwane 14. Lembani kuti ingati inali yoseweka ndipo yophonya inapita mbali iti. Pakatha milungu ingapo mudzakhala ndi manambala anuanu, ndipo mukaima pa tee yoyamba mudzakhala mukudziwa kuti pa mipira 14 yoseweka imakhala ingati komanso kuti yolakwika imathawira kuti.

Ngati pakatha mwezi zidindo zikadali kuchidendene ndipo slice sinachepe, kaonaneni ndi mphunzitsi amene ali ndi makina oyeza mpira, ngakhale kamodzi kapena kawiri. Mum'pemphe akuuzeni manambala atatu: kumene nkhope yaloza pogunda, njira imene ndodo ikuyenda, ndiponso ngati mukumenya ikutsika kapena ikukwera. Muwalembe penapake kuti mukadzabwererako mudzakhale ndi poyerekezera.