Linki ya foda ikukana kutseguka

Funso: Ndikatumizira anzanga akuntchito linki ya foda ya malipoti pa Google Drive, akuti sikutseguka. Vuto n'chiyani? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, linki payokha sipereka chilolezo. Sankhani fodayo, dinani "Share", mulembe imelo ya aliyense. Ikhale imelo yomwe amalowera pa Drive, chifukwa ambiri amatsegula linki pafoni yomwe ili ndi Gmail yawoyawo, osati yakuntchito, ndiye imawakana.

Pa "Share" pomwepo mumasankha chilolezo cha munthu aliyense: "Viewer" amangowerenga, pomwe "Editor" angathe kusintha ngakhale kuchotsa mafayilo. Chilolezo cha foda chimagwiranso mafayilo onse ali m'katimo, choncho za malipiro a antchito musaikemo. Njira ya "Anyone with the link", yomwe imalola aliyense amene ali ndi linki kutsegula, ipeweni pa zachinsinsi: linki ikangofika pagulu la WhatsApp, aliyense atsegula.