Antikythera inandichititsa manyazi ku koleji

Eee achemwali, ndi nkhani yanu yoti aphunzitsi akumutsutsa mwana wanu pa za chipangizo chakale cha Antikythera, mwandikumbutsa chilonda. Mwana wanuyo sananame ayi, chinthucho chilipodi, aphunzitsi akewo ndi amene sakuwerenga.

Ine zinandionekera chaka choyamba ku koleji. Asayimenti inali ya mbiri ya makompyuta, anzanga onse anayambira pa Charles Babbage, Mngelezi amene anajambula pulani ya makina owerengera masamu m'zaka za m'ma 1800, ine ndikuti ndionetse kuti ndimawerenga ndinayambira pa chipangizo cha Antikythera. Ndaima kutsogolo pepala likunjenjemera m'manja, ndikufotokoza kuti anachivuula mu 1901 m'chombo chomwe chinamira kufupi ndi kachilumba ka Antikythera ku Greece, kuti ndi cha zaka zoposa 2,000, chamkuwa, magiya omwe anatsala alipo 30, ukapukusa chogwirira cham'mbali chinkaloza pomwe dzuwa ndi mwezi zili ngakhalenso chaka cha masewero a Olympics. Nditafika pa giya ya mano 223, yomwe imawerenga miyezi 223 imene kadamsana amatenga kuti abwereze, alekichala anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Akuti "iwe, magiya ake ati, a njinga ya agogo ako?" Kalasi yonse gwaa kuseka, mpaka mtsikana amene ndinkamufuna uja anagwetsa mutu padesiki. Ndinayesa kunena kuti zidutswa zake 82 zili ku National Archaeological Museum ku Athens, kuti mu 2005 anachiunika ndi makina a X-ray n'kuwerenga zolemba za Chigiriki mkati mwake, iwo basi akuti khala pansi, zabodza za pa intaneti. Pepala linabwera ndi inki yofiira ngati aphera nkhuku pamenepo, ndipo dzina loti Agiya linandikanirira mpaka ndinamaliza sukulu.

Chomwe chimandinyansa mpaka lero, foni anali nayo m'thumba, kungofufuza mphindi imodzi sakanafa. Koma ayi, munthu wamkulu sangagonjere kamwana ka fomu 4 ya dzulodzulo. Ndiye patapita zaka ziwiri mng'ono wanga akundionetsa manotsi a bambo omwewo, Antikythera ili tsamba loyamba!

Ndiye muuzeni mwanayo asamalimbane ndi aphunzitsi, mayeso amachonga ndi iwowo, alembe zomwe zili m'silabasi akhoze. Komanso asakhale chete ngati mmene ndinachitira ine, mumupulintire chithunzi cha chidutswa chachikulu chija chooneka giya ya timitanda tinayi, akachiike patebulo pawo anzake onse akuona. Kaya mupite naye nokha Lolemba.