Gulani pikapu yoti izikubweretsani kunyumba

Imelo yanu, achimwene, ndaiwerenga katatu. Mwati mwasunga ndalama kwa zaka zingapo, tsopano mukufuna pikapu yatsopano yoti izipirira misewu yoipa, ndipo mtima wagawikana pakati pa Toyota Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max. Mwatinso mnzanu wina akukunong'onezani za Ranger Raptor. Kumapeto mwafunsa kuti, "Yamphamvu kuposa zonse ndi iti?"

Funso lomalizalo landibaya pamtima, chifukwa ndi lomwe ine ndinafunsa tsiku limene ndinkagula yanga yoyamba, ndipo linandisocheretsa. Wogulitsayo anandionetsa pepala la manambala a injini, ine n'kuloza yomwe inali ndi nambala yaikulu. Dzina lake sinditchula, pakuti mlandu sunali wa galimotoyo. Inali yokongola, ya zitseko zinayi, mipando yachikopa, marimu aakulu onyezimira, kumbuyo atalemba 4x4. Ndinkaganiza kuti zilembo zimenezo ndi lonjezo lakuti palibe malo amene ndingakanike kufika. Pansi pake sindinasuzumire ngakhale kamodzi. Matayala sindinawerenge zomwe zinalembedwa m'mbali mwake.

Patatha miyezi itatu, mvula ili pakati, ndinanyamula simenti kupita kumene tinkamanga nyumba. Mayi a kunyumba anali pampando wakutsogolo, mwana wathu wamkazi, wazaka zinayi panthawiyo, ali mtulo kumbuyo. Titangowoloka kamtsinje kena panali chitunda chachifupi, chamatope ofiira, madzi atakumba ngalande pakati. Ndinaika 4H, giya yokoka ndi matayala onse anayi pa liwiro la masiku onse, n'kuponda mafuta. Galimoto inakwera pang'ono, kenako n'kupendekeka, n'kuima. Injini ikulira, matope akuuluka, ife tili pomwepo. Ndinaika 4L, giya yokoka ndi matayala onse anayi pang'onopang'ono koma mwamphamvu, chimodzimodzi. Nditatsika ndinaona chinthu chomwe sindinachimvetse: tayala lakumbuyo lakumanzere linali litalowa m'ngalande likungopota, lakutsogolo lakumanja lili lendelende m'malere nalonso likupota, pamene awiri omwe anaponda pouma anali chete, osasuntha n'komwe. Galimoto yoti imakoka ndi matayala anayi, koma awiri okhawo opanda pogwira ndiwo ankagwira ntchito.

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, foni inalibe netiweki, ndipo mayi a kunyumba sanandinene ngakhale liwu limodzi. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandikalipira, chifukwa ngongole ya galimotoyo tinkabweza tonse, ndipo ndine ndinawatsimikizira kuti ndasankha bwino.

Chakumadzulo kunatulukira bambo wina wachikulire pa pikapu yakale ya zitseko ziwiri, penti itasuluka, matayala ake aatali m'mbali ndi a mano okhuthala. Anaima kutsidya, n'kuwoloka wapansi atapinda buluku. Atatipatsa moni anazungulira galimoto yanga pang'onopang'ono, n'kufunsa, "Mwana wanga, matayalawa ali ndi mpweya wochuluka bwanji?" Ndinati sindikudziwa, bambo. Anatulutsa kageji m'thumba la malaya, kofanana ndi cholembera, n'kugwada m'matope momwemo. Anayamba kuphwetsa tayala lililonse ndi kamtengo ka machesi, akuyeza, akuphwetsanso, mpaka tayala litakhala pansi ngati phazi la munthu. Kenako anawerenga matumba a simenti ndi chala. Analipo 22. Thumba lililonse ndi makilogalamu 50, ndiye kuti makilogalamu 1,100, osawerengera ife anthu atatu ndi zitsulo zomwe ndinamangirira kutsogolo kwa galimoto. Anangopukusa mutu. Tinatsitsa matumba khumi, tinaika miyala m'ngalande muja, iwo n'kundiuza kuti ndiike 4L, giya yachiwiri, ndisaponde mafuta ngati ndikuthawa chilombo. Galimoto inakwera chitunda chija ngati palibe chinachitika. Chingwe chomwe anabwera nacho sichinagwire n'komwe ntchito. Potsanzikana anandiuza kuti, "Galimotoyi ilibe mlandu. Mwaisenzetsa zoposa msinkhu wake, mwaiveka nsapato za muofesi, ndiye mukuti ichite bwanji?"

Usiku umenewo ndi pomwe ndinatsegula buku la galimotoyo koyamba. Ndinapeza kuti pakati pa matayala awiri a ekiselo imodzi pali chipangizo chotchedwa diff, chomwe chimalola tayala lakunja kuthamanga kuposa lamkati pokhota. Pamsewu wa tala n'chofunika kwambiri. Koma m'matope chimachititsa kuti tayala lomwe lilibe pogwira lizingopota, linzake loponda pouma osalandira mphamvu yokwanira kusuntha galimoto. Mankhwala ake ndi diff lock, kabatani komwe kamamanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi. Yanga inalibe. Ya mtundu womwewo yokhala ndi mipando yansalu koma ili ndi diff lock inalipo tsiku lomwe ndinkagula, ine n'kuidutsa chifukwa marimu ake sankawala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye mukandifunsa za mphamvu, manambala ndikupatsani, koma muone nokha kuyandikana kwake. Hilux ya injini ya dizilo ya malita 2.8, kuyambira 2020, imatulutsa 150 kW ndi 500 Nm ikakhala ya otomatiki (kW ndi muyezo wa mphamvu ya injini, Nm ndi wa mphamvu yake yopotokola). D-Max ya malita 3.0 imatulutsa 140 kW ndi 450 Nm. Ranger ya malita 2.0 ya ma turbo awiri, yomwe inatuluka mu 2022, inali pa 154 kW ndi 500 Nm, pamene ya V6 ya dizilo ya malita 3.0 imafika 184 kW ndi 600 Nm. Zonsezi, zikakhala za 4x4 za injini zazikuluzi, zimaloledwa kukoka ngolo ya mabuleki yolemera mpaka makilogalamu 3,500, ndipo zimanyamula pafupifupi tani imodzi. Pachitunda chija ndikanakhala ndi V6 ndikanangokumba dzenje lozama mofulumira. M'matope ndi pamiyala simuthamanga, mumakwawa, ndipo giya ya 4L imachulukitsa kale mphamvu yofika kumatayala kuposa kawiri. Kumene V6 imaonetsa kusiyana ndi pokoka ngolo yolemera paphiri la tala kapena popitirira lole. Ngati imeneyo ndiyo ntchito yanu, ilipireni. Ngati ayi, mukugula mphamvu yoti muzingoitchula pocheza.

Ndipo ndinene mosabisa, zotsatsa malonda za magalimoto amenewa zimandikwiyitsa. Amaonetsa pikapu ikuuluka pamchenga, fumbi lili koboo, kumbuyo kulibe ngakhale thumba limodzi. Ndani amagula pikapu kuti aziyenda nayo yopanda kanthu? Raptor yomwe mnzanuyo akuitama ndi galimoto yopangidwa mwaluso, sindikutsutsa. Ili ndi ma shock a Fox, kumbuyo ili ndi masipuling'i opiringiza m'malo mwa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza a pikapu wamba, ndipo imadutsa m'mabampu pa liwiro lomwe pikapu wamba ingakugwedezeni mpaka mano. Koma kufewa kumeneko kuli ndi mtengo wake: imakoka makilogalamu 2,500 okha, ndipo katundu yemwe imanyamula ndi wochepa kuyerekeza ndi Ranger wamba. Yomwe inatuluka mu 2022, m'maiko ambiri, ili ndi injini ya petulo ya V6 ya malita 3.0, yomwe imamwa mafuta molingana ndi ukali wake. Anaipangira munthu wofuna kusewera m'chipululu. Munthu amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti apeze galimoto imodzi yogwira ntchito zonse za pakhomo, ine ndikuti ayi, asagule imeneyo. Mnzanuyo sadzakhalapo tsiku lomwe mudzafune kunyamula njerwa.

China chomwe chimandidabwitsa ndi mmene anthu amakanganirana maina. Wina amalumbira kuti Volkswagen Amarok ndiyo galimoto, Ranger ndi chidole, osadziwa kuti Amarok yatsopano inamangidwa pa chimango cha Ranger. Mazda BT-50 kuyambira 2020 ndi D-Max yovala nkhope ina. Hilux ili ndi mbiri yake, inayamba mu 1968, ndipo mbiri imeneyo sinagwe kumwamba, koma Hilux ya lero ndi galimoto ya makompyuta ngati zinzake zonse, si ija yakale yomwe makaniko ankaikonza pansi pa mtengo ndi sipanala ziwiri.

Apa ndi pomwe ndinapsa kachiwiri. Injini za dizilo zamasiku ano ndi za common rail, zimapopa mafuta pa mphamvu yofika cha m'ma 2,000 bar kudzera m'timabowo tating'onoting'ono ta ma injector. Madzi pang'ono kapena fumbi m'dizilo zimawononga zipangizo zimenezi. Ine ndinathira dizilo wa m'chigubu tsiku lina nditasowa pogwira, ndipo patangopita masiku galimoto inayamba kutsokomola, nyali yachikasu n'kuyaka. Inakhala kugalaji milungu isanu kudikira chipangizo chimodzi chokwana m'dzanja. Milungu isanu ndikulipira ngongole ya galimoto yomwe ili pa majeki, ndikupempha anzanga kuti andinyamulire katundu. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti galimoto yolimba ndi iti. Iliyonse idzawonongeka tsiku lina. Chomwe ndimafunsa n'chakuti ikadzawonongeka, sipeya yake ili kutali bwanji, ndipo makaniko woidziwa, wokhala ndi kompyuta yoiyezera, ndingamupeze kuti. Funsaninso ngati yomwe mukufunayo ili ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa utsi. Imafuna kuti nthawi ndi nthawi galimoto iyende mtunda wautali injini itatentha kuti mwayewo upse, ndipo amene amangoyenda timaulendo tatifupi amavutika nayo.

Za matayala, zomwe wogulitsa sadzakuuzani

Pikapu zambiri zatsopano, makamaka zodula zija, zimabwera ndi matayala a pa tala ndi marimu a mainchesi 18, zina mpaka 20. Rimu ikakula, mphira wa m'mbali umafupika. Tayala lotero simungaliphwetse mokwanira, mwala ukaligunda umafika pa rimu, ndipo kupeza lina kutali ndi mzinda n'kovuta. Rimu ya mainchesi 16 kapena 17 yokhala ndi tayala la all-terrain, loyenda pa tala ndi m'misewu yoipa momwe, ndi yomwe ine ndimafuna, ndipo pa galimoto yatsopano mukambirane kuti akusinthireni isanatuluke pageti, matayala akadali osaponda fumbi. Gulaninso geji ndi kapampu kolumikiza ku batire, chifukwa mukaphwetsa m'matope muyenera kupopanso musanathamange pa tala, apo ayi tayala limatentha n'kuphulika.

Pa tala pomwepo, samalani ndi 4H. Hilux, D-Max ndi ma Ranger ambiri ali ndi 4x4 yoika pakafunika, yomwe imamanga ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo pamodzi. Mukayenda nayo pa tala youma zitsulo zimakokana pokhota mpaka china chimagonja. Mitsubishi Triton yokhala ndi 4x4 yotchedwa Super Select ndi Ranger ya V6 yokhala ndi 4A, yomwe imagawa yokha mphamvu kumatayala, zimalola kuyenda ndi matayala onse anayi ngakhale pa tala, zomwe zimathandiza kwambiri mvula ikagwa kumbuyo kulibe katundu. Simunaitchule Triton, koma ikayeseni. Ndipo za kuwoloka madzi, mudzamva kuti Ranger ndi D-Max zimalowa mpaka mamilimita 800, Hilux 700. Manambala amenewo ndi a madzi odekha, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Madzi othamanga amanyamula pikapu asanafike n'komwe pamenepo, ndipo ine mtsinje wodzaza ndimaudikira, kaya ndili ndi galimoto yotani.

Pali anthu ena omwe adzakuuzani kuti musiye zonsezi mugule Land Cruiser 79. Banja lake la 70 Series lakhalapo kuyambira 1984, ekiselo yake yakutsogolo ndi yachitsulo chimodzi, ndipo kumene kulibiretu msewu ndi yovuta kuipikisa. Koma khalanimo maola asanu ndi limodzi ndi ana kumbuyo musanasankhe. Ngati masiku ambiri mumayenda pa tala, idzakutopetsani pachabe.

Tsono pa zitatu zanuzo, yankho langa ndi ili. Ngati mumanyamula katundu mlungu ndi mlungu ndipo mumapita kutali ndi magalaji, sankhani pakati pa Hilux ndi D-Max, potengera kuti ndi iti yomwe masipeya ndi makaniko ake ali pafupi nanu. Ngati mtunda wanu wambiri ndi wa tala ndi banja, msewu woipa n'kumabwera mwa apo ndi apo, Ranger imakhalika bwino ndipo mudzaikonda. Iliyonse mwa izo, tengani yapakatikati osati yapamwamba penipeni, ikhale ndi 4L ndi diff lock yakumbuyo, ndipo ndalama zotsalazo zipite ku matayala. Muwerenge bwino zomwe warranty ikukana musanamangirire chitsulo chilichonse, pokumbukira kuti kulemera kwa zomangirirazo, ndi kwa anthu omwe, kumachotsedwa pa katundu woti munyamule. Poiyesa musavomere kungozungulira pa tala. Pemphani msewu wafumbi wamabampu, ndipo mayi a kunyumba akhale pampando wakumbuyo kuti nawonso anenepo.

Mundilemberenso, achimwene, mundiuze katundu wolemera kwambiri yemwe mumanyamula, mtunda womwe mumayenda pamwezi, ndi malo oipitsitsa omwe simungachitire mwina koma kudutsapo mvula ikagwa. Ngati n'kotheka jambulani malowo munditumizire chithunzi.